Bokosi "lotsuka impso" la masiku 30: ndalitsegula, ndaliwerenga, ndipo odwala impso musamwe

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene muli pachangu musavutike kuwerenga mpaka pansi. Ngati adokotala anakuuzanipo kuti impso zanu zafooka, kaya pang'ono kaya kwambiri, bokosi ili musagule, ndipo wina akakupatsani ngati mphatso musamwe kalikonse ka m'katimo musanakakaonetse kuchipatala. Ngati impso zanu zili bwinobwino, mwina silikupwetekani, koma palibenso chimene likutsukireni. Zifukwa zanga ndi zambiri ndipo ndizifotokoza modekha, chifukwa ndikudziwa kuti amene amagula zinthu zoterezi si anthu opusa, ndi anthu amantha kapena achikondi.

Dzina la kampani sinditchula. Mabokosi oterewa alipo ambirimbiri pa intaneti, amangosiyana mtundu wa pepala ndi chithunzi cha tsamba chimene aika pamwamba, pomwe za m'kati zimafanana ndithu. Limene ndili nalo ine lili ndi zinthu zinayi: timatumba ta tiyi tomwa m'mawa ndi madzulo, botolo la makapisozi, botolo la juwisi wa chipatso cha noni, ndi kabuku ka malangizo. Anandigulira ndi alamu anga, atamva kuti zotsatira za magazi anga sizikusangalatsa. Ine impso zanga zinafooka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri. Nambala ya eGFR, imene imasonyeza mphamvu ya impso posefa magazi, kwa ine imayendayenda pakati pa 35 ndi 40, kutanthauza kuti ndili pa gawo limene kuchipatala amati 3b, la anthu a pakati pa 30 ndi 44. Ndimamwa losartan ndi amlodipine, amene ndi mapiritsi a BP, ndi furosemide, piritsi lokodzetsa. Ndatchula zimenezi chifukwa popanda kuzidziwa simungamvetse chimene ndikudandaula.

Zabwino zake zilipo ndipo ndisazibise. Katunduyo anafika msanga, womatidwa bwino, botolo lililonse lili ndi chidindo chosonyeza kuti silinatsegulidwe, tsiku lotha ntchito likuoneka bwino. Tiyi wake ndi wonunkhira, wotsekemera pang'ono popanda kuthira shuga. M'kabuku muli masamba awiri amene ndingawasainire ndi dzanja langa: amalangiza kuchepetsa mchere, kusiya fodya, kuyenda tsiku lililonse ndi kuyezetsa shuga. Zimenezi n'zoona, ndipo ndi zomwezo zimene amatiuza kuchipatala kwaulere. Mtsikana amene amayankha mauthenga a makasitomala ndi waulemu, amayankha mwachangu, ndipo sanandikalipire ngakhale pamene mafunso anga anayamba kumuvuta. Zabwino zathera pamenepa.

Ndiyambe ndi tiyi, chifukwa ndi amene amakopa anthu. Pa chikalata chake alembapo masamba a nettle, dandelion, horsetail, muzu wa parsley, zipatso za juniper, masamba a uva ursi ndi muzu wa licorice. Ine ndinangomulawa pa supuni. Amuna anga, amene impso zawo n'zamphamvu, anati amumwe kwa masiku ochepa kuti tione chimene amachita. Chimene anachita n'chimodzi: kukodzetsa. Usiku ankadzuka mobwerezabwereza, mkodzo wake woyera mbee, ndipo iwo eni anati, "Amayi, munthu akhoza kukhulupiriradi kuti china chake chikutuluka." Apa m'pamene pagona malonda onse. Munthu amaona mkodzo wambiri, woyera, n'kuganiza kuti zoipa zikuchoka.

Komatu impso sizigwira ntchito choncho. Impso iliyonse ili ndi tisefa ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi. Pa tsiku, impso ziwiri za munthu wathanzi zimasefa madzi okwana pafupifupi malita 180, koma zimabwezera m'magazi pafupifupi onse, n'kutaya lita imodzi kapena awiri okha ngati mkodzo. Chinthu chokodzetsa, kaya piritsi kaya tsamba, chimangochepetsa madzi obwezedwawo. Sichiwonjezera tisefa, ndipo sichidzutsa tomwe tinafa. Mkodzo umachuluka, koma umakhala madzi ochuluka okhala ndi zoipa zomwezo. Pa matenda a impso okhalitsa ngati anga, vuto si litsiro lomatirira m'kati. Tisefa tinawonongeka n'kusanduka zipsera, ndipo chipsera sichichoka ndi sopo, ungachitsuke bwanji. Choopsa n'chakuti ine ndimamwa kale piritsi lokodzetsa limene adokotala anandiyezera mlingo wake. Kuwonjezerapo masamba okodzetsa asanu kapena asanu ndi limodzi kukhoza kundiumitsa thupi, magazi ofika ku impso n'kuchepa, ndipo impso yofooka ikasowa magazi imavulala mwadzidzidzi. Nthawi zina imabwerera pamene inali, nthawi zina sibwereranso.

Zomera ziwiri pa mndandanda wa tiyiwo zinandichititsa nthumanzi. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, European Medicines Agency, limene silidana ndi zitsamba ndipo linalemba malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka zambiri mwa izo, limanena kuti uva ursi asamwedwe kupitirira sabata imodzi, komanso kuti anthu a matenda a impso asamwe. Za juniper limachenjezanso anthu amene impso zawo zikudwala kwambiri. Bokosi ili likuti mumwe kawiri pa tsiku kwa masiku 30, ndipo mukafuna "zotsatira zokhalitsa" mugule mabokosi atatu otsatizana. Likugulitsidwa makamaka kwa anthu omwewo amene akuchenjezedwa. Ndinayang'ana mbali zonse za bokosilo, pansi ndi pamwamba, kufuna mzere umodzi wokha wonena kuti odwala impso afunse adokotala. Chenjezo lokhalo limene ndinapeza ndi la amayi oyembekezera ndi ana.

Kutsekemera kumene ndinakuyamikira kuja n'kwa licorice. Mu muzu umenewu muli chinthu chotchedwa glycyrrhizin chimene chimachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi n'kumataya potaziyamu, mchere wa mtundu wina wa m'magazi wofunika pa kugunda kwa mtima. Zotsatira zake BP imakwera, miyendo imatupa. Kwa munthu amene impso zake zinaphedwa ndi BP yomweyo, palibenso chinthu chotsutsana ndi mankhwala ake kuposa chimenechi. Bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjezapo kuti ngakhale maswiti a licorice weniweni, munthu wa zaka zoposa 40 akamadya magalamu pafupifupi 57 tsiku lililonse kwa masabata awiri, mtima ukhoza kuyamba kugunda mosokonezeka. Mu tiyi uyu muli licorice wochuluka bwanji? Chikalata chili zii.

Tsopano juwisi. Noni ndi chipatso cha kuzilumba za m'nyanja ya Pacific ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo juwisi wake anatchuka padziko lonse ngati mankhwala a chilichonse. Fungo lake ndi lamphamvu, koma zimenezo n'zazing'ono. Nkhani ndi potaziyamu. Mu 2000 madokotala a ku America analemba za bambo wina wodwala impso amene potaziyamu wake anakwera ngakhale kuti ankasamala zakudya. Atafufuza anapeza kuti ankamwa juwisi wa noni, ndipo atamuyeza juwisiyo anapezamo potaziyamu wopitirira mamiligalamu 2,000 pa lita, wofanana ndi wa mu juwisi wa malalanje kapena wa tomato. Kwa munthu wathanzi zimenezi si kanthu, impso zimataya wotsala. Kwa ine n'zosiyana. Impso zanga zimataya potaziyamu mochedwa, ndipo losartan, amene amaziteteza, amachititsanso kuti potaziyamu azitsalira m'thupi. N'chimodzimodzi kwa amene akumwa enalapril, lisinopril kapena spironolactone. Mlingo wabwino m'magazi ndi pakati pa 3.5 ndi 5.0. Ukadutsa 6, moyo uli pachiswe, ndipo choipa kwambiri n'chakuti nthawi zambiri munthu samva kupweteka kulikonse. Amangofooka miyendo, kapena osamva kanthu n'komwe, mpaka mtima utasokonezeka. Pa botolo la juwisiyu alembapo mphamvu yopatsa thupi, shuga ndi vitamini C. Potaziyamu sanamutchule.

Ndinatenga bokosi lonse n'kupita nalo kwa katswiri wa mankhwala wa pa famasi imene ndimalandirako mapiritsi anga. Ndi bambo wachikulire wosathamangira kuyankhula. Anawerenga zikalata zonse, n'kuyika tiyi kudzanja lamanja, juwisi kumanzere. "Mayi," anatero, "uyu akukokera potaziyamu wanu pansi, uyu akumukokera m'mwamba, ndipo mapiritsi anu awiri akukokanso mbali ziwiri zomwezo. Mapiritsiwo timawadziwa mlingo wake, n'chifukwa chake adokotala amatha kuwalinganiza. Izi sitikudziwa. Mukandifunsa kuti pakatha masabata awiri magazi anu adzakhala pati, sindingakuyankheni, ndipo amene anapanga bokosili sangakuyankheninso." Ndinawafunsa ngati pali chimodzi mwa zitatuzo chimene ndingamwe pang'ono kuti alamu anga asakhumudwe. Anatola kabuku kaja, n'kutsegula pa masamba a mchere ndi fodya, n'kuti, "Ichi chokha."

Makapisozi ndiwo anandikwiyitsa kwenikweni. Kutsogolo kwa botolo alemba zilembo zikuluzikulu kuti vitamini C mamiligalamu 1,000. Munthu angaganize kuti ndi mphatso. Koma vitamini C wochuluka thupi limamusandutsa okisaleti, ndipo okisaleti amatuluka kudzera mu impso. Akachuluka amaundana n'kupanga miyala, kapena amakhazikika m'timachubu ta impso n'kutiwononga. Kafukufuku wa ku Sweden amene anatuluka mu 2013 anapeza kuti amuna omwa mapiritsi a vitamini C wochuluka chonchi ankadwala miyala ya mu impso pafupifupi kawiri kuposa osamwa, ndipo amenewo anali anthu wamba, osati odwala impso. Mavitamini opangira odwala impso nthawi zambiri amakhala ndi vitamini C wa pakati pa mamiligalamu 60 ndi 100 basi. Apa akupereka kuchulukitsa kakhumi, n'kuwonjezerapo turmeric, amene nayenso ali ndi okisaleti wambiri wosungunuka. Turmeric wothira pang'ono m'chakudya ndilibe naye mlandu. Wothithikiza mu kapisozi, womwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu, ndi nkhani ina.

Kumbuyo kwa botolo kuli mawu akuti "kasakaniza wathu wapadera, mamiligalamu 1,200", kenako mayina a turmeric, astragalus, cranberry, n'kumaliza ndi mawu akuti "ndi zitsamba zina zachilengedwe". Kulemba kulemera kwa zonse pamodzi osanena kuti chilichonse ndi chochuluka bwanji, malamulo a mayiko ena amalola. Ku America lamulo la 1994 linachititsa kuti zinthu zoterezi zizigulitsidwa popanda boma kuyamba laziyeza n'kuzivomereza monga limachitira ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo m'mayiko ambiri zinthu zili chimodzimodzi kapena kuposa apo. Ndiye chikalata chooneka bwino si umboni woti wina anayeza za m'katimo. Koma mawu akuti "zitsamba zina" amenewa, kwa munthu wodziwa mbiri ya matenda a impso, ndi oziziritsa nkhongono, ndipo ndifotokoze chifukwa chake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mumzinda wa Brussels ku Belgium, madokotala anayamba kulandira amayi achitsikana, ambiri osakwana zaka 50, amene impso zawo zinkafa mofulumira popanda chifukwa chodziwika. Analibe shuga, ambiri analibe BP poyamba. Atafufuza anapeza kuti onse ankapita ku kiliniki imodzi yochepetsa thupi, kumene ankapatsidwa makapisozi okhala ndi zitsamba zochokera ku China. Chitsamba chimene chinayenera kukhalamo ndi Stephania tetrandra, koma pena pake m'njira chinasinthanitsidwa ndi Aristolochia fangchi, chimene dzina lake la malonda limafanana ndi la chinzakecho. Mu Aristolochia muli asidi amene amasandutsa impso chipsera chokhachokha. Nkhaniyi inalembedwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu 1993, ndipo anthu opitirira 100 anakhudzidwa. Ambiri anafika pofunika makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ina. Tsoka silinathere pomwepo. Mu 2000 madokotala a komweko anafalitsa zimene anapeza atachotsa impso zakufa ndi mitsempha ya mkodzo mwa odwala 39: mwa anthu 18 anapezamo khansa. Lero asidi ameneyu ali pa mndandanda wa zinthu zimene zimadziwika motsimikiza kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, ndipo mayiko ambiri analetsa zitsamba zokhala naye, komabe zimapezekabe pa malonda a pa intaneti.

Sindikunena kuti m'makapisozi amene ndili nawowa muli Aristolochia. Chimene ndikunena n'chakuti amayi a ku Brussels aja anapatsidwa makapisozi awo ndi madokotala, m'dziko lolemera la malamulo okhwima, ndipo panalibe amene ankafuna kuwapha. Kunangochitika kusinthanitsa muzu umodzi wouma ndi unzake wofanana nawo. Muzu ukapedwa n'kukhala ufa, palibe diso limene lingausiyanitse. Chingausiyanitse ndi labotale yokha. Ndiye kampani ikandiuza kuti "zitsamba zina", ikundipempha kuti ndiike impso zanga zotsalazi m'manja mwa munthu amene sakufuna n'komwe kundiuza dzina la chimene wandipatsa.

Ndipo zoterezi si zakale zokha. Mu 2024 ku Japan kampani yaikulu ya Kobayashi Pharmaceutical inachotsa pa msika mapiritsi ake a mpunga wofiira, omwe anthu ankamwa pofuna kutsitsa mafuta a m'magazi, anthu ambiri atagonekedwa m'zipatala ndi vuto la impso. Boma linapeza kuti munalowa chiphe chochokera ku nkhungu ina imene inamera pamalo opangira. Kafukufuku amene anatuluka mu 2008 m'magazini ya JAMA anayeza mankhwala 193 a Ayurveda, achikhalidwe cha ku India, ogulidwa pa intaneti, ndipo mwa asanu alionse, amodzi anali ndi mtovu, mekyule kapena aseniki. Mu 2022 FDA inachenjeza za mapiritsi ena "achilengedwe" a kupweteka kwa mafupa amene munabisidwa diclofenac ndi dexamethasone. Diclofenac, monga ibuprofen, ndi mankhwala amene ife odwala impso timauzidwa tsiku loyamba kuti tisawakhudze, makamaka tikamamwa losartan ndi piritsi lokodzetsa, chifukwa zitatuzi pamodzi zimatha kuimitsa impso m'masiku ochepa.

Kabuku kaja, kupatula masamba awiri abwino, kali ndi malangizo awiri amene ndikuwaona kuti ndi oopsa kuposa zonse za m'mabotolo. Loyamba likuti muzimwa madzi malita anayi pa tsiku "kuti impso zisambe". Pali odwala impso amene adokotala amawauza kuti achepetse madzi, makamaka amene ali pa makina osefa magazi kapena amene mtima wawo ndi wofooka. Kwa iwowa malita anayi akhoza kudzaza mapapo, munthu n'kumalephera kupuma atagona. Ngakhale kwa ife a gawo lachitatu, kafukufuku wa ku Canada wa mu 2018, wa anthu oposa 600, anapeza kuti kulimbikitsa odwala kumwa madzi owonjezera kwa chaka chathunthu sikunachedwetse kufooka kwa impso. Madzi ndi ofunika, kuuma thupi n'koipa, koma mlingo wake ndi wa munthu payekha, wouzidwa ndi amene akumuthandiza kuchipatala.

Langizo lachiwiri ndi limene linandiwawa mumtima. Likuti m'sabata yoyamba mukhoza kumva kufooka, nseru, mutu, kuyabwa kapena kutupa pang'ono, ndipo musade nkhawa, ndi "poizoni akutuluka", pitirizani kumwa. Abale anga, zimenezo ndi zizindikiro zenizeni za impso zimene zikulephera. Nseru, kuyabwa thupi, kutupa mapazi ndi nkhope, kufooka, kusafuna chakudya, ndi zimene anamwino amatifunsa nthawi iliyonse tikapita kukaonedwa. Kumuuza munthu wodwala kuti zizindikiro zimenezi ndi uthenga wabwino ndi kumutsekera khomo la chipatala pa nthawi imene akulifuna kwambiri. Chifukwa cha ndime imodzi yokhayi, ngakhale zina zonse zikanakhala zabwino, sindikanavomereza bokosi ili kwa aliyense.

Ndinalembera ogulitsa. Ndinadzifotokoza bwinobwino, nambala yanga ya eGFR ndi mayina a mapiritsi anga, n'kufunsa zinthu zitatu: potaziyamu ndi wochuluka bwanji mu juwisi ndi tiyi, "zitsamba zina" ndi ziti, ndipo ali ndi chikalata cha labotale yoima payokha chosonyeza kuti mulibe mtovu ndi asidi wa Aristolochia? Yankho loyamba linali lakuti, "Mayi, musadandaule, zonse n'zachilengedwe, zilibe mavuto alionse." Nditabwereza mafunso, ananditumizira mavidiyo a anthu ochitira umboni, wina akuti creatinine wake (chinthu cha m'magazi chimene impso zimataya, chomwe chimakwera impso zikafooka) anatsika, wina akuti anasiya mapiritsi onse. Creatinine amakwera n'kutsika pang'ono malinga ndi madzi a m'thupi, nyama imene munthu wadya dzulo lake, ngakhale makina amene ayezera, ndiye pepala limodzi silitsimikiza kanthu. Ndipo amene zinawavuta sajambula vidiyo. Nditafunsanso kachitatu za chikalata cha labotale, anati kasakanizayo ndi chinsinsi cha kampani. Kenako anawonjezera mawu amene sindidzawaiwala: anati makasitomala ambiri amapumitsa kaye mapiritsi a kuchipatala pa masiku 30 amenewa kuti zitsamba zigwire bwino ntchito. Mtsikanayo sindikumuimba mlandu, zikuoneka kuti amawerenga zimene anamulembera. Koma iye sanandifunse funso ngakhale limodzi la za thanzi langa, ndipo zimene ndinamuuza ndekha sizinasinthe yankho lake ngakhale pang'ono. Wogulitsa amene yankho lake ndi limodzimodzi kwa munthu wa eGFR ya 95 ndi wa 35 sakugulitsa chithandizo cha impso.

Wina asaganize kuti ndimadana ndi zomera. Mankhwala ena amene akuthandiza kwambiri odwala impso masiku ano anayambira ku mtengo. Kalekale, mu 1835, akatswiri anapeza chinthu chotchedwa phlorizin m'khungwa la mtengo wa maapozi, ndipo pambuyo pake anaona kuti chimatulutsa shuga mu mkodzo. Chinali ndi zovuta zake, sichinkatheka kumwedwa ngati mankhwala. Panatenga zaka zambirimbiri kuchisintha, kuchiyeza, kupeza mlingo woyenera, mpaka panabadwa mankhwala monga dapagliflozin ndi empagliflozin. Mu 2020 kafukufuku wa anthu oposa 4,000 odwala impso anasonyeza kuti dapagliflozin amachedwetsadi kuwonongeka kwa impso, mwa odwala shuga ndi osadwala shuga omwe. Metformin wa anthu a shuga nayenso mbiri yake imayambira ku chomera. Kusiyana kwa zimenezi ndi bokosi langali si kwakuti china n'chachilengedwe china ayi. Kusiyana n'kwakuti pa piritsi ndimadziwa chimene chilimo, kuchuluka kwake, amene anachiyesa, ndi nambala ya eGFR imene adokotala ayenera kuchepetsa mlingo kapena kundisiyitsa. Ngakhale astragalus amene ali m'makapisozi awa akufufuzidwa ndithu ku China pa nkhani ya impso, koma umboni wake sunalimbe, ndipo kwa munthu amene anaikidwa impso ina, chitsamba chilichonse chosokoneza chitetezo cha m'thupi ndi choopsa. Anthu amenewa asamale koposa tonse: St John's wort, amene ambiri amamwa pofuna kuchepetsa nkhawa, amatsitsa m'magazi mphamvu ya ciclosporin ndi tacrolimus, mankhwala oletsa thupi kukana chiwalo chatsopano, ndipo alipo amene thupi lawo linakana chiwalo chimene anapatsidwa chifukwa cha iye.

Ndikumvetsanso chifukwa chake mabokosi awa amayenda malonda. Matenda a impso ndi osautsa mtima. Kuchipatala sakulonjeza kuchira, amangoti tiyesetse kuchedwetsa. Umamwa mapiritsi chaka ndi chaka osamva kusintha kulikonse, nambala ikutsika pang'onopang'ono, ndipo kutsogolo ukuona makina amene ambiri sangawakwanitse kapena kuwafikira. Ndiye akabwera wina n'kunena kuti masiku 30 okha, mtima umafuna kumukhulupirira. Achibale nawonso amafuna kuchitapo kanthu ndi manja awo, asamangoonerera. Alamu anga nditawafotokozera zonsezi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye mlamu, ine ndingakuchitireni chiyani?" Ndinawauza kuti makina oyezera BP a kunyumba, amene anga anali atayamba kunama, angandithandize kuposa tiyi aliyense. Anandigulira. Ndalama za bokosi lija sizinabwerere, chifukwa ogulitsa anati katundu wotsegulidwa salandira, ngakhale kuti mabotolo awiri anali akadali ndi zidindo zake.

Kwa inu amene mwamwa kale bokosi ili kapena lofanana nalo, ndipo muli ndi vuto la impso, shuga kapena BP, musachite mantha koma musazengereze. Siyani kumwa lero, ndipo mapiritsi a kuchipatala musawasiye. Ngati munawapumitsa, auzeni adokotala tsiku limene munasiya kuti akuuzeni kayambiridwe kake. Pemphani kuti akuyezeni creatinine, potaziyamu, BP ndi mapuloteni a mu mkodzo, n'kuyerekeza ndi zotsatira zanu zakale. Popita nyamulani mabotolo enieniwo ndi timatumba ta tiyi, osangotchula dzina, chifukwa dzina limodzi limatha kukhala ndi zosakaniza zosiyana, ndipo nenani zoona za kuchuluka kwa zimene munamwa ngakhale mukuopa kukalipiridwa. Mukaona kuti mkodzo wachepa kwambiri, mukusanza, miyendo yalefuka mwadzidzidzi, mtima ukugunda modumphadumpha kapena mukubanika mukagona chagada, musadikire tsiku limene anakulemberani, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.